Mawu oti "ephemeral": aphunzitsi anandidulira mzere wofiira, ndinalakwitsa pati?

Mtsikana wina wa Fomu 4 walemba kuchokera ku Mulanje:

"Aphunzitsi, mwezi watha ndinapeza mawu oti ephemeral m'nyuzipepala. Dikishonale ya pafoni inandiuza kuti amatanthauza chinthu chosakhalitsa, ndipo ndinawakonda. Polemba chimangirizo cha Chingerezi ndinalemba kuti 'My uncle found an ephemeral job at the tea estate,' chifukwa amalume anga amalembedwa ntchito yothyola tiyi nyengo ya mvula yokha. Aphunzitsi anga anadula mzere wofiira pansi pa mawuwo n'kulemba m'mbali kuti ndasankha mawu olakwika. Nanga ntchito ya miyezi yochepa si yosakhalitsa? Mayeso a MSCE ali pafupi, ndipo tsopano ndayamba kuopa kugwiritsa ntchito mawu atsopano. Ndithandizeni."

Mwanawe, khazika mtima pansi, mzere wofiira umenewo usakugwetse mphwayi. Pa zaka zambiri zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi, ana amene ndawaona akuchidziwa bwino chinenerochi ndi omwe amatola mawu m'nyuzipepala n'kukawayesa m'zolemba zawo, monga wachitira iwemu. Dikishonale sinakunamize, ndipo aphunzitsi akonso sanakulakwire. Chimene chachitika n'chakuti mawu athu oti chosakhalitsa amalowa malo ambiri, pamene Chingerezi chinagawa malo amenewo kwa mawu angapo, aliwonse ndi ntchito yake. Dikishonale ya pafoni imakupatsa mzere umodzi wa tanthauzo, koma siikuuza kuti mawuwo amayenda ndi ati ndiponso amakana ati.

Tiyambe ndi katchulidwe, poti ife olankhula Chichewa timapunthwa pomwepa tisanafike n'komwe pa tanthauzo. Diso lathu likaona p ndi h zitagundizana, milomo imakonzekera kutchula ngati mu phiri kapena phala. M'mawu awa ph akuimira f, monga mu phone ndi photo. Uzitchula kuti i-FE-ma-ral, mphamvu uike pa phatikizo lachiwirilo, otsalawo uwadutse mopepuka. Polemba samala kuti usaike m pambuyo pa lembo loyamba. Ndaona ana ambiri akulemba emphemeral, mwina chifukwa dzanja linazolowera emphasis. Mawuwa ndi mfotokozi, amafotokoza dzina, ndipo poti akuyamba ndi lembo la liwu, amatsogoleredwa ndi an, zimene iwe unakhoza kale.

Mawuwa anachokera ku Chigiriki. Kumeneko ephemeros anapangidwa kuchokera ku epi, kutanthauza pa, ndi hemera, kutanthauza tsiku. Tanthauzo lake loyambirira linali cha tsiku limodzi. Analowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo poyamba ankamveka kwambiri pakamwa pa madokotala, pofotokoza kutentha thupi kumene kumagwira munthu lero, mawa lake n'kudzuka ali bwino. Kenaka anafika pa tizilombo ndi maluwa a moyo waufupi, ndipo patapita nthawi anthu anayamba kuwagwiritsa ntchito pa chilichonse chimene chimaoneka kwa kanthawi kenaka n'kuzimirira. Lero palibe amene amawerenga maola 24 akamagwiritsa ntchito mawuwa, koma ganizo la tsiku limodzilo silinachokemo.

Pali kachilombo kena kouluka kamene ndimafuna mwana aliyense akadziwe asanalembe mawu amenewa. Azungu amakatcha mayfly, ndipo akatswiri a sayansi anatcha gulu lake lonse kuti Ephemeroptera. Kachilomboka kamakhala m'madzi ngati mphutsi kwa miyezi yambiri, mitundu ina mpaka chaka kapena kupitirira, kakubisala pansi pa miyala ya mumtsinje. Tsiku lake likakwana kamakwera pamwamba pa madzi, n'kufundula, n'kutuluka ndi mapiko opyapyala oonekera mkati. Koma kamatuluka kopanda pakamwa poti n'kudyera. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kupeza kanzake, kuikira mazira m'madzi, basi. Pakatha maola ochepa, kapena tsiku limodzi kapena awiri, kafa. Palibe amene wakapha, palibenso amene anakaikira malire. Thupi lake lenilenilo linapangidwa losayembekezera mawa. Anzathu a kunyanja, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, amaona zofanana ndi zimenezi pa nkhungu zimene zimatuluka m'madzi n'kumaoneka patali ngati utsi, ngakhale kuti nkhungu ndi tizilombo ta mtundu wina.

Ndiye chinthu chikakhala ephemeral, kutha msanga ndi chibadwa chake. Sichinafupikitsidwe ndi pangano, ngozi kapena lamulo. Chinabwera kale chili chotero.

Tsopano yang'ana ntchito ya amalume ako. Ntchitoyo payokha siifota ngati duwa. Pali anthu amene anakhala pansi n'kugwirizana kuti antchito owonjezera alembedwe tiyi akachuluka m'munda, ndipo adzaime masamba akachepa. Chinthu chimene anthu anachiikira nthawi yothera, kapena chimene chikungogwirizira podikira chenicheni, Chingerezi chimachitcha temporary. Mlatho wa mitengo umene anthu amayala madzi osefukira akakokolola wakale ndi temporary bridge. Mphunzitsi wogwirizira ndi temporary teacher. Msasa wa anthu othawa madzi ndi temporary shelter. Chiganizo chako chikanakhoza ukanalemba temporary job. Koma alipo mawu ena okwana bwino kuposa pamenepo, chifukwa ntchito ya amalumeyo imabwerera chaka ndi chaka mvula ikagwa. Imeneyo ndi seasonal job, ntchito ya nyengo. "My uncle found a seasonal job at the tea estate." Chiganizo chimenechi n'chosavuta, koma chikuuza wowerenga zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti ntchitoyo idzatha, ndiponso kuti idzabweranso. Ephemeral sakanatha kunena chachiwiricho.

Ukakayikira, dzifunse kuti, kodi alipo amene anaika tsiku loti chinthuchi chithe? Ngati alipo, temporary ndiye mwini malo. Kodi chimabwerera nyengo yake ikakwana? Pamenepo ndi seasonal. Zonse ziwiri zikakanika, ndipo ukuona kuti chinthucho sichikanakhalitsa ngakhale anthu akanafunitsitsa, ukhoza kuyamba kuganizira za ephemeral.

Pali chinthu chinanso chimene dikishonale yaifupi siinena, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Mawuwa sayeza nthawi ndi wotchi. Magetsi akazima kwa maola awiri, palibe amene anganene kuti ephemeral blackout, amangoti brief kapena short. Koma woimba amene anatchuka dziko lonse kwa zaka ziwiri kenaka anthu n'kumuiwala, akhoza kulembedwa kuti "His fame was ephemeral," ngakhale kuti zaka ziwiri n'zotalika kwambiri poyerekeza ndi maola awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba akasankha ephemeral amakhala akuyeza chinthucho ndi zinthu zokhalitsa, ndipo amaikapo maganizo ake. Nthawi zina amakhala akudandaula kuti chokongola chatha msanga, monga polemba za maluwa, utawaleza kapena unyamata. Nthawi zina amakhala akuchepetsa chinthucho, kunena kuti chinali chongosangalatsa maso koma chopanda mizu, monga polemba za mafashoni kapena nkhani zimene zimagwedeza Facebook kwa masiku atatu. Ukalemba kuti ntchito ya amalume ako ndi ephemeral, wowerenga wodziwa Chingerezi amamva ngati ukuilira mwandakatulo kapena ukuipeputsa, pamene iwe umangofuna kunena kuti ndi ya miyezi yochepa. Ndikukhulupirira kuti n'zimene aphunzitsi ako anamva.

Ife tili ndi mawu amene amagwira mbali yochepetsayo bwino lomwe: moto wa mapesi. Kalabu ya zokambirana ikayamba pasukulu, sabata yoyamba kalasi kudzaza mpaka ena kuimirira pazenera, sabata yachinayi kutsala anthu asanu ndi mphunzitsi wawo, timati unali moto wa mapesi. M'Chingerezi ungalembe kuti "Their enthusiasm proved ephemeral." Mayina amene mawuwa amakonda kuyenda nawo ndi a zinthu zosagwirika ndi manja: fame, popularity, fashion, pleasure, beauty, success, joy. Umvanso kawirikawiri anthu akulemba kuti "the ephemeral nature of" kenaka n'kutchula chinthucho, monga "the ephemeral nature of fashion." Ziganizo ngati "The joy of winning the match was ephemeral" kapena "Most of what we read on social media is ephemeral" ukhoza kuzilemba pamayeso popanda mantha.

Mawu ena oyandikana nawo ndiwadutse mwachangu, koma awiri kapena atatu ndiimepo. Short-lived ndi amene ndimalangiza mwana aliyense kuti akhale nawo pafupi, chifukwa amalowa pafupifupi paliponse pamene ephemeral angalowe, ndipo sanyamula maganizo owonjezera. "Their happiness was short-lived" ndi chiganizo chabwino chimene palibe angachidulire mzere. Fleeting ndi wa zinthu zodutsa mothamanga, zimene ukaphethira zakupita: a fleeting smile, a fleeting glance. Momentary ndi wa kamphindi chabe, monga chete amene amagwa m'kalasi ahedi akalowa. Transient amakonda zinthu ndi anthu odutsa, amene afika pamalo koma sakhazikika. Antchito oyendayenda amatchedwa transient workers, ndipo madokotala amagwiritsa ntchito mawu omwewa pa zizindikiro za matenda zimene zimabwera n'kuchoka. Pa munthu, ephemeral sakhala bwino. Mlendo amene wagona usiku umodzi si ephemeral visitor. Evanescent ndi wa m'ndakatulo kwambiri, ali pachibale ndi vanish, ndipo amanena za zinthu zimene zimasungunuka uli chiyang'anire, ngati nkhungu ya m'mawa pa phiri la Mulanje kapena fungo la mafuta onunkhira. Ameneyu umudziwe kuti ukakumana naye powerenga usadabwe, koma sindikukulimbikitsa kumulemba panopa.

Zolakwa ziwiri zimene ndimakumana nazo kawirikawiri n'zokhudza katundu wa pamsika. Tomato, nthochi ndi nsomba zaziwisi si ephemeral. Zinthu zosachedwa kuwola ndi perishable. Chitenje chosuluka ukangochichapa kawiri sichili ephemeral ayi: amangoti "the colour fades," ndipo akatswiri opanga utoto ali ndi mawu awoawo, amati fugitive dye, pamene nsalu yosasuluka amati ndi colourfast. Samalanso ndi ethereal, amene amamveka mofanana koma amanena za chinthu chopepuka ndi chokongola ngati si cha pansi pano. Alibe chochita ndi kutha msanga.

Tsono pali malo ena pamene mawuwa amavula maganizo onse aja n'kukhala dzina chabe la akatswiri, ndipo ngati ukutenga Geography kapena Agriculture ukhoza kukumana nawo. Mtsinje umene umayenda chaka chonse, monga Shire kapena Ruo wa kwanuko, ndi perennial river. Umene umayenda nyengo ya dzinja yonse n'kuphwa m'chilimwe ndi seasonal kapena intermittent. Koma ulipo wina umene umayenda pokhapokha mvula ikangogwa, kwa maola kapena masiku ochepa, kenaka n'kutsala mchenga wokhawokha. Umenewo ndiwo ephemeral stream. Chifukwa chake n'chakuti pansi pake pali pamwamba kuposa pamene madzi a m'nthaka amalekezera, kotero ulibe kasupe woudyetsa, umangodalira madzi othamanga pamwamba. Makwawa ambiri a m'midzi mwathu ndi otero. Chitsanzo chodziwika m'mabuku ndi mtsinje wa Kuiseb ku Namibia, umene umadutsa m'chipululu cha Namib ndipo zaka zambiri madzi ake safika n'komwe kunyanja. Pa mayeso a Geography usasinthanitse mawu atatuwa, chifukwa pamenepo aliwonse ali ndi malire ake enieni.

Zomera nazo zili ndi gulu lotchedwa ephemerals. Mbewu zake zimagona m'nthaka youma, mvula ikagwa zimamera, kuchita maluwa ndi kubereka mbewu zina m'masabata ochepa, kenaka n'kuuma. Ku Namaqualand, m'dziko la South Africa, dera louma limasanduka la maluwa okhaokha cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo anthu amayenda maulendo ataliatali kukaona. Kwa alimi a ng'ombe kuli matenda otchedwa bovine ephemeral fever, amene ambiri amangowatcha three-day sickness. Amayamba ndi kachilombo ka vayirasi kofalitsidwa ndi tizilombo toluma, makamaka nyengo ya mvula. Ng'ombe imatentha thupi, kuuma miyendo, kutsimphina, mkaka n'kuchepa, ndipo zambiri zimachira pakatha masiku ngati atatu. Apa mawuwa abwerera ku ntchito yawo yakale ya madokotala ija. Koma ngati kwanu kuli khola, dzinali lisakupusitseni kuti mungodikira. Ng'ombe ikagona osadzuka, itanani alangizi a ziweto, chifukwa alipo matenda ena oopsa amene amayamba mofanana.

Pa foni yako yomweyo mawuwa aliponso. Snapchat itayamba mu 2011 inatchuka ndi zithunzi zimene zimafufutika zokha munthu akangoziona. Instagram inabweretsa Stories mu 2016, WhatsApp inabweretsa status ya maola 24 mu 2017, ndipo mu 2020 inawonjezera mauthenga ozimirira okha. Olemba za luso lamakono amatcha zonsezi ephemeral content kapena ephemeral messaging, ndipo akulondola, poti zinapangidwa kuti zithe. Koma pano ndilankhule ngati kholo. Chimene chazimirira pa foni yako sichinazimirire pa foni ya mnzako ngati iye anajambula sikirini kapena anachisunga. Atsikana ambiri alira chifukwa chokhulupirira kuti chithunzi chimene anatumiza chinafufutika. Usatumize chinthu chimene sungafune kuti mayi ako adzachione, ngakhale foni ikulonjeze kuti chitha mawa.

Alipo mawu ena apachibale amene ndimawakonda kwambiri, ephemera. Limeneli ndi dzina, ndipo limanena za mapepala amene anasindikizidwa kuti agwire ntchito tsiku limodzi kapena masiku ochepa kenaka atayidwe: matikiti a basi, makadi oitanira ku ukwati, mapologalamu a maliro, zikwangwani za msonkhano, timapepala ta kampeni. Limatengedwa ngati lochulukitsa kale, ndiye sulemba an ephemera. Chodabwitsa n'chakuti zinthu zimenezi zikapulumuka kudzala, zimasanduka chuma cha olemba mbiri. Ku London kunakhazikitsidwa bungwe la Ephemera Society mu 1975, la anthu osonkhanitsa mapepala oterewa, ndipo laibulale ya Bodleian ku Oxford imasunga mulu waukulu wotchedwa John Johnson Collection. Ganizira za timapepala ta referendamu ya pa 14 Juni 1993 kwathu kuno, tokhala ndi nyali ya ofuna zipani zambiri ndi tambala wakuda wa ofuna chipani chimodzi. Panthawiyo ambiri anakulungira mtedza kapena kuyatsira moto. Munthu amene anasunga kamodzi m'sutikesi ali ndi umboni umene mwana wa Fomu 4 wa lero angaugwire ndi manja pophunzira History. Ngati agogo ako ali ndi mapepala akale otere, usawalole kuti atayidwe.

Za mayeso, ndikuuze zimene ndimauza ana anga onse. Wochonga safuna mawu akuluakulu, amafuna mawu oyenera pamalo pake. Mawu ovuta oikidwa polakwika amaonekera patali, ndipo amakuchotsera zimene mawu wamba akanakusungira. Koma yankho lake si kusiya kuphunzira mawu atsopano. Sintha katoledwe kake. Ukapeza mawu m'nyuzipepala, usalembe mawuwo okha ndi tanthauzo lake m'kope. Kopera chiganizo chonse chimene unawapezamo, ndipo udule mzere pansi pa dzina limene akulifotokoza. Ndikukhulupirira kuti ukabwerera ku nyuzipepala ija upeza kuti ephemeral anaima pafupi ndi mawu ngati fame kapena success, osati job. Usawalembe m'chimangirizo mpaka utawaona m'ziganizo zitatu kapena zinayi za anthu osiyana. Ukamalankhula ndi anzako, mawuwa asiye, chifukwa ngakhale eni chinenero sawatchulatchula pocheza. Amangoti "it didn't last."

Dikishonale ya pafoni ikakupatsa mzere umodzi wokha, pita ku laibulale ya sukulu ukafunse dikishonale yolembedwera ophunzira Chingerezi, imene imaika ziganizo za chitsanzo pansi pa mawu aliwonse. Imasonyezanso ngati mawuwo ndi formal, kutanthauza kuti ndi a m'zolemba, ndipo pa ephemeral upeza chizindikiro chimenecho. Pomaliza, bwerera kwa aphunzitsi ako aja ndi kope lako. Usakafunse kuti "Chifukwa chiyani munandilakwitsa?" Ukawafunse mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, pamenepa pakanayenera mawu ati?" Utengenso ziganizo zako zitatu zatsopano, china cha temporary, china cha seasonal, china cha ephemeral, kuti akakuchongere. Akakupezanso ndi cholakwa pa chimodzi mwa zitatuzo, ndilemberenso ndi chiganizocho monga unachilembera, tidzachione limodzi mayeso asanafike.